Nyali 100 za ku Japan: Mbiri ya Mabuku a Nkhani Zoopsa za M'zithunzi

Tsiku lina madzulo magetsi atazima, ndidatola buku lomwe mwana wanga wamkazi adasiya patebulo. Adali atalibwereka kwa mnzake. Pachikuto padalembedwa kuti Shiver, ndipo mlembi wake adali Junji Ito wa ku Japan. Nditaona kuti m'katimo mudali zithunzi zokhazokha, ndidati izi n'zachibwana, koma poti padalibe china chochita ndidayatsa kandulo n'kuyamba kuwerenga. Choyamba kundisokoneza chidali choti bukulo limayambira kumene ife timati n'kumapeto, ndipo maso amayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nditazolowera ndidawerenga nkhani yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kenaka ndidafika pa nkhani ya mitu ikuluikulu youluka m'mwamba ngati mabaluni, mutu uliwonse uli ndi nkhope ya munthu amene ukumusaka, chingwe chopachikira chili lende pansi pake. Pamenepo ndidatseka bukulo n'kupita kukaona ngati chitseko chidali chokhoma. Ine bambo wa zaka zoposa 40, amene ndimatha tsiku lonse ndikulimbana ndi mafayilo a boma popanda kugunda mtima, ndidachita mantha ndi pepala.

Kuyambira usiku umenewo ndidafuna kudziwa kumene mabuku otere adachokera. Zimene ndidapeza n'zoti buku la nkhani zoopsa zifupizifupi la ku Japan si chinthu cha dzulodzulo. Muzu wake uli pa mchezo wa usiku wa zaka zoposa 300 zapitazo, ndipo panjira lidadutsa m'manja mwa ogulitsa masiwiti, obwereketsa mabuku ndi atsikana a sukulu. Anthu ophunzira ankaziyesa zinyalala nkhani zimenezi. Zidapulumuka chifukwa nthawi iliyonse pankapezeka wina wozitolera n'kuzimanga mtolo umodzi.

Mchezo wa nyali

M'nyengo yotchedwa Edo, yomwe idayamba m'chaka cha 1603 n'kutha mu 1868, anthu a ku Japan adali ndi mchezo wotchedwa hyakumonogatari, kutanthauza nkhani 100. Ankasonkhana usiku m'nyengo yotentha n'kuyatsa nyali 100. Munthu akatha kukamba nkhani yake ya mizukwa kapena ya zodabwitsa zomwe adamva, ankazimitsa nyali imodzi. Motero nkhani zikamachuluka, mdima nawo unkakula. Chikhulupiriro chidali choti nyali yomaliza ikangozima, chinthu chosadziwika chimatulukira pakati pa anthuwo. N'chifukwa chake ambiri ankalekezera pa nkhani ya 99, n'kudikira kuti kunja kuche.

Tikaganizira bwino za mchezowu tiona kuti udali ndi malamulo ake osalembedwa. Nkhani inkayenera kukhala yaifupi chifukwa usiku ndi umodzi ndipo anzako akudikira. Inkayenera kukhala ndi chinthu chimodzi choopsa, chomveka msanga, chokanirira m'mutu. Komanso nkhani imodzi payokha sinkakwanira. Mantha ankabwera chifukwa cha kuunjikana kwa nkhani, ina pamwamba pa inzake. Malamulo atatu amenewa ndi omwenso tikuwapeza m'mabuku a masiku ano.

Osindikiza mabuku sadachedwe kuona kuti apa pali malonda. M'chaka cha 1660 kudatuluka buku lotchedwa Tonoigusa, ndipo mu 1677 kudatuluka Shokoku Hyakumonogatari, lomwe lidali ndi nkhani 100 zochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo. Mu 1776 mlembi Ueda Akinari adatulutsa Ugetsu Monogatari, mtolo wa nkhani 9 womwe mpaka lero umawerengedwa ngati limodzi mwa mabuku apamwamba a ku Japan. M'chaka chomwecho wojambula Toriyama Sekien adatulutsa buku la zithunzi za zilombo ndi ziwanda zotchedwa yokai, chilichonse ndi dzina lake. Apa mpamene zinthu zomwe anthu ankangozimva m'nthano zidayamba kukhala ndi nkhope yodziwika.

Mzukwa wotchuka kuposa yonse udabadwira pabwalo la zisudzo. Mu 1825 Tsuruya Nanboku adalemba sewero lotchedwa Tokaido Yotsuya Kaidan. Ndi nkhani ya Oiwa, mkazi wa msilikali wosauka dzina lake Iemon. Banja lina lolemera loyandikana nawo linkafuna kuti Iemon akwatire mdzukulu wawo, choncho lidatumizira Oiwa mankhwala omwe adamuwononga nkhope. Popesa, tsitsi lake lidayamba kuthothoka ndi magazi omwe. Oiwa adafa ndi chidima mumtima, ndipo mzimu wake udasautsa mwamunayo kulikonse kumene ankapita. Cha m'ma 1831 Hokusai, yemwe ambiri amamudziwa ndi chithunzi cha funde lalikulu la panyanja, adajambula nkhope ya Oiwa ikutuluka m'nyali ya pepala. Chidali chimodzi mwa zithunzi zake za mutu wa nkhani 100, zomwe zodziwika lero ndi zisanu zokha. Hokusai yemweyo ndiye adatchukitsa mawu oti manga ndi mabuku ake a zojambula omwe adayamba kutuluka mu 1814, ngakhale kuti amenewo adali zithunzi chabe, osati nkhani zotsatana.

Tisaiwale khalidwe la mzukwa wa nthawi imeneyo. Oiwa sadabwerere pachabe. Adalakwiridwa, ndipo paja akuluakulu adati mlandu suwola. Woonera ankachita mantha, komabe ankapita kwawo akudziwa kuti wosalakwa alibe choopa. Tidzaona kutsogoloku mmene zimenezi zidasinthira.

Anthu a maiko ena adayamba kuzidziwa nthanozi kudzera mwa Lafcadio Hearn, mlendo yemwe adakhazikika ku Japan n'kukwatira komweko. Mkazi wake, Koizumi Setsu, ndiye ankamukambira nthanozo, iye n'kumazilemba m'Chingerezi. Buku lake lotchedwa Kwaidan lidatuluka mu 1904, chaka chomwe iye adamwalira.

Njinga, masiwiti ndi mabuku obwereka

Kuyambira cha m'ma 1930 m'misewu ya mizinda ya ku Japan mudabuka ntchito ina yotchedwa kamishibai, kutanthauza zisudzo za papepala. Bambo ankafika panjinga yakapalasa atamangirira kabokosi kumbuyo. Ankaomba timatabwa tiwiri poitana ana, n'kuwagulitsa masiwiti. Amene agula ankaima kutsogolo. Kenaka ankaonetsa zithunzi chimodzichimodzi m'kabokosimo uku akukamba nkhani, ndipo ankailekeza pokoma penipeni kuti mawa anawo adzabwerenso ndi ndalama. Nkhani zoopsa zinkayenda malonda kwambiri. Imodzi mwa izo idali ya mwana wobadwira kumanda, dzina lake Kitaro.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Japan lidali paumphawi wadzaoneni. Anthu ambiri sankatha kugula buku. Motero kudachuluka timasitolo totchedwa kashihon, tobwereketsa mabuku pa ndalama yochepa, kawirikawiri 10 yen. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 timasitolo timeneti tidafika pafupifupi 30,000 m'dziko lonselo. Makasitomala ake adali ana a sukulu ndi achinyamata omwe adachoka kumudzi kudzagwira ntchito m'mafakitale. Wailesi ya kanema itayamba mu 1953, ana adayamba kuthawa bambo wa panjinga uja, ndipo ojambula ambiri a kamishibai adasamukira ku mabuku obwereketsawa.

Kuno n'kumene mtolo wa nkhani zifupizifupi za m'zithunzi udakhwimira. Makampani ang'onoang'ono adaona kuti n'kwapafupi kusonkhanitsa ojambula angapo, aliyense n'kupereka nkhani yake yaifupi, kusiyana n'kudikira munthu mmodzi kuti amalize buku lonse. Ku Osaka mu 1956 kudayamba kutuluka mabuku otchedwa Kage, kutanthauza chithunzithunzi, okhala ndi nkhani za umbanda ndi zinsinsi. Mmodzi mwa ojambula ake, Tatsumi Yoshihiro, mu 1957 adapeka mawu oti gekiga pofuna kusiyanitsa nkhani zawo zamdima ndi zija zoseketsa ana. Ku Tokyo kampani ya Hibari Shobo idatchuka ndi mitolo ya nkhani za mizukwa. Kunena zoona, zambiri mwa nkhanizi zidajambulidwa mothamanga ndi anthu anjala, koma ufulu womwe udali kumeneko sukadapezeka m'makampani akuluakulu. Palibe mkulu amene ankalondalonda zimene mnyamata wa m'fakitale akuwerenga.

Mwa anthu anjalawo mudali Mizuki Shigeru, yemwe adabadwa mu 1922 n'kukulira m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Sakaiminato. Ali mwana, gogo wina wothandiza pakhomo pawo, yemwe iye ankamutchula kuti NonNonBa, ankamukambira za yokai. Atakula adatengedwa kunkhondo n'kutumizidwa ku chilumba cha New Britain, kufupi ndi Rabaul, komwe adadwala malungo, anzake ambiri adafa, ndipo iye adaduka mkono wamanzere ndi bomba. Atabwerera kwawo adajambula za kamishibai ndi mkono umodzi, kenaka za kashihon. Mu 1960 adatenga mwana wa kumanda uja n'kumujambula m'mabuku otchedwa Hakaba Kitaro. Kitaro woyambayu adali woopsa ndi wopanda chisoni. Pamene nkhaniyo inkalowa m'magazini akuluakulu ndi pawailesi ya kanema, mawu oti manda adachotsedwa pamutu, n'kukhala GeGeGe no Kitaro mu 1967, ndipo mwanayo adasanduka mtetezi wa anthu. Mizuki adamwalira mu 2015 ali munthu wolemekezeka. Kwawo ku Sakaiminato kuli msewu wa dzina lake wodzaza ndi ziboliboli za yokai, ndipo buku lake lokumbukira gogo uja lidapata mphoto yaikulu pa chikondwerero cha Angoulême ku France mu 2007.

Si onse adakondwa ndi mabukuwa. Mu 1955 magulu a makolo ndi aphunzitsi adayambitsa kampeni yothana ndi mabuku omwe ankawatcha oipa, ndipo m'malo ena mabuku a manga adatenthedwa pabwalo la sukulu. Koma chomwe chidapha kashihon sichidali moto. Chuma chitayamba kuyenda bwino anthu adayamba kudzigulira okha, makamaka magazini a sabata ndi sabata monga Shonen Magazine ndi Shonen Sunday omwe adayamba mu 1959. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 timasitolo tambiri tidali titatsekedwa.

Mantha adalowa m'nyumba

Munthu angaganize kuti nkhani zoopsa zidakulira m'magazini a anyamata. Ayi ndithu. Zidakulira kwambiri m'magazini a atsikana, ndipo amene adatsegula njira adali Umezu Kazuo. Iyeyu adabadwa mu 1936 m'chigawo cha Wakayama n'kukulira kumapiri a Nara, komwe bambo ake ankamukambira nthano ya mkazi wosanduka njoka. Buku lake loyamba lidatuluka mu 1955, ndipo mu 1961, akadali ku kashihon, adayamba kutchula ntchito yake kuti kyofu manga, kutanthauza manga a mantha.

Nthawi imeneyo magazini a atsikana adali odzaza ndi nkhani zomvetsa chisoni za mwana wosiyana ndi mayi ake, amene amavutika mpaka kudzakumananso nawo. Mayi adali chizindikiro cha chikondi ndi chitetezo. Umezu adatembenuza zimenezi. Mu 1965, m'magazini ya Shojo Friend, adatulutsa nkhani yotchedwa Mama ga Kowai, kutanthauza kuti amayi akundiopsa. Mtsikana amapita kukazonda mayi ake kuchipatala, osadziwa kuti m'chipatala chomwecho muli mkazi wina wa mtima wa njoka. Mkaziyo amasinthana malo ndi mayiwo n'kubwera kunyumba. Mwana yekha ndiye akuona kuti uyu si mayi ake, koma akuluakulu onse sakumukhulupirira.

Apa mpamene padagona nzeru ya Umezu. Mzukwa wakale unkakhala kumanda, kuchitsime kapena kunkhalango, ndipo munthu ukathawira m'nyumba unkapulumuka. Iye adaika choopsacho m'nyumba momwemo, pa munthu amene amakuphikira chakudya. Nanga mwana athawire kuti? Atsikana adaikonda nkhaniyi kotero kuti magazini ena adayamba kufunafuna ojambula a zoopsa. Umezu adapitiriza ndi Nekome Kozo, nkhani za mwana wa maso a mphaka, ndiponso Orochi ya mu 1969 mpaka 1970, momwe mtsikana wosakalamba amayendayenda kuonerera mabanja akudyana okhaokha chifukwa cha nsanje ndi chuma. Mabuku awiriwa ndi mitolo ya nkhani zodziimira pazokha, zolumikizidwa ndi mboni imodzi. Buku lake lalitali, Hyoryu Kyoshitsu, la mu 1972 mpaka 1974, limakamba za sukulu yapulayimale yomwe idasowa ndi ana ake onse n'kukapezeka m'chipululu cha m'tsogolo. Umezu, yemwe ankadziwika ndi malaya a mizeremizere yofiira ndi yoyera, adamwalira mu Okutobala 2024 ali ndi zaka 88.

Wina wofunika kumutchula ndi Hino Hideshi. Adabadwa mu 1946 ku Qiqihar, m'dera la Manchuria lomwe Japan adalilanda kwa China, ndipo banja lake lidathawa kumeneko iye ali khanda. Mu 1970 adatulutsa nkhani yaifupi yotchedwa Zoroku no Kibyo. Zoroku ndi mlimi wofatsa, wosachenjera, wokonda kujambula. Thupi lake limatuluka zithupsa za mitundu isanu ndi iwiri, ndipo anthu a m'mudzi amamupitikitsira kunkhalango. Kumeneko amajambula zithunzi ndi mafinya a zilonda zake, mayi ake okha ndiwo akumubweretsera chakudya, mpaka anthu amapangana zokamupha. Zithunzi zake n'zonyansa, koma ukamaliza kuwerenga umazindikira kuti chilombo m'nkhaniyi si wodwalayo. Ndi mudzi.

Magazini ya Halloween ndi wopanga mano

Pakati pa zaka za m'ma 1980 mafilimu oopsa a pa vidiyo adatchuka kwambiri ku Japan. Kampani ya Asahi Sonorama idaona mwayi, ndipo mu Disembala 1985 idayambitsa magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Halloween, ya nkhani zoopsa zokhazokha, yolembera atsikana. Makampani ena adatsatira ndi magazini awo, monga Suspiria. M'magazini otere mudatchuka amayi ojambula ambiri, mmodzi mwa iwo Inuki Kanako, amene amatchedwa mfumukazi ya manga a mantha ndipo nkhani zake zambiri zimakhudza ana ozunzidwa ndi anzawo kusukulu.

Magazini ya Halloween idakhazikitsa mpikisano wa olemba atsopano wokhala ndi dzina la Umezu. Mwa omwe adatumiza nkhani mu 1986 mudali mnyamata wina wa ku Gifu, wobadwa mu 1963, yemwe ntchito yake idali yopanga mano oikirira. Adayamba kuwerenga Umezu ali wamng'ono chifukwa azichemwali ake awiri ndiwo ankabweretsa mabukuwo pakhomo. Dzina lake adali Junji Ito. Nkhani yake, Tomie, idayamikiridwa ndi oweruza, mmodzi mwa iwo Umezu mwini wake, ndipo idasindikizidwa mu 1987. Kwa zaka zingapo Ito ankapanga mano masana n'kumajambula usiku, kufikira adasiya ntchitoyo.

Tomie ndi mtsikana wokongola wa sekondale yemwe amaphedwa n'kudulidwa nthulinthuli, koma patapita masiku amalowanso m'kalasi ngati palibe chachitika. Mwamuna aliyense womuona amapenga naye mpaka kumupha, ndipo kachidutswa kalikonse ka thupi lake kamamera n'kukhala Tomie wina. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ito adafotokozapo kuti ganizoli lidabwera chifukwa cha mnzake wa m'kalasi yemwe adafa pangozi ya pamsewu. Imfayo idali yadzidzidzi moti iye ankangoona ngati mnzakeyo atulukira tsiku lina.

Nthawi imeneyi idali ndi mavuto ake. Mu 1989 apolisi adagwira mnyamata wina yemwe adapha ana aakazi anayi m'dera la Tokyo ndi Saitama, ndipo m'chipinda mwake mudapezeka matepi a vidiyo zikwizikwi. Nyuzipepala zidaloza chala mafilimu oopsa ndi manga, ndipo osindikiza adayamba kuchita mantha ndi zithunzi za magazi. Magazini ya Halloween idasiya kutuluka mu 1995. Koma Ito, amene mphamvu yake sidali pa magazi okha, adapitiriza m'magazini ena.

Ngakhale ali ndi mabuku aatali otchuka monga Uzumaki la mu 1998 mpaka 1999 ndi Gyo la mu 2001 mpaka 2002, ambiri amavomereza kuti luso lake limaonekera bwino m'nkhani zifupizifupi za masamba pafupifupi 30. Amatenga ganizo limodzi lokha n'kulikoka mpaka pomwe lingathere. Mu Nagai Yume muli wodwala amene maloto ake akutalika usiku uliwonse. Poyamba amalota masiku awiri m'usiku umodzi, kenaka chaka, kenaka zaka mazanamazana, ndipo akadzuka m'mawa sakumbukiranso za dzulo chifukwa kwa iye ndi kalekale. Mu Amigara Danso no Kai chivomezi chimang'amba phiri n'kuonetsa maenje ooneka ngati thupi la munthu. Anthu amabwera kudzaona, ndipo aliyense amapeza dzenje lomukwana ndendende. Palibe womukankha, palibe womuitana, koma amavula n'kulowamo, ndipo kubwerera m'mbuyo n'kosatheka.

Tsopano tiyerekeze ndi Oiwa uja. Iye adali ndi mlandu, ndipo ankadziwa amene adamulakwira. M'nkhani za Ito kawirikawiri mulibe wolakwa, mulibe sing'anga wothetsa vutolo, ndipo palibe amene amafotokoza chifukwa chake zinthuzo zikuchitika. Tsoka limangogwa, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi nkhope ya mwini wake, monga baluni lija kapena dzenje lija. M'maganizo mwanga uku ndiko kusintha kwakukulu m'mbiri yonseyi. Choopsa chidachoka kumanda n'kulowa m'nyumba, kenaka chidachoka m'nyumba n'kulowa mwa munthu mwini. Sindikudabwa kuti zidatero m'dziko lomwe lidaona mizinda iwiri ikupsa ndi mabomba a atomu mu 1945, lidaona asodzi a ku Minamata akulumala ndi poizoni wa m'fakitale, ndipo limagwedezeka ndi zivomezi kawirikawiri. Anthu otere amadziwa kuti wosalakwa nayenso amafa.

Pali chinthu chinanso chomwe nkhani ya m'zithunzi ili nacho chimene filimu ilibe. Mufilimu choopsa chimakudzidzimutsa pa nthawi yomwe wojambula wakonza. M'buku, wojambula waluso amaika munthu akutsegula chitseko m'munsi mwa tsamba, ndipo chomwe chili kuseri amachiika patsamba lotsatira. Iwe wowerenga ndiwe uyenera kutembenuza tsambalo ndi dzanja lako. Ukhoza kuzengereza, ukhoza kutseka buku monga ndidachitira ine, koma ukafuna kudziwa uyenera kuchita wekha. N'chimodzimodzi ndi munthu wa nthawi ya Edo amene ankanyamuka yekha kukazimitsa nyali.

Amene adatolera

Chomwe chimandikhudza kwambiri m'mbiri imeneyi ndi ntchito ya otolera. Magazini a manga amasindikizidwa papepala lotchipa, ndipo munthu akawerenga amataya. Nkhani yomwe yathera m'magazini yokha imafa ndi mwezi wake. Imakhala ndi moyo pokhapokha itasonkhanitsidwa ndi zinzake m'buku. Nkhani za Ito zidatoleredwa m'mabuku 16 omwe adayamba kutuluka mu 1997, patangotha zaka ziwiri magazini ya Halloween itafa. Pakadapanda mabuku amenewo, bwenzi ntchito yake ya zaka khumi zoyambirira ikudziwika ndi anthu owerengeka. Kuchokera m'mitolo yotere ndimo omasulira adatenga nkhani. Kampani ya Dark Horse ya ku America idatulutsa mabuku atatu otchedwa Museum of Terror mu 2006. Kampani ya Viz idatulutsa Fragments of Horror mu 2015, Shiver mu 2017, momwe muli nkhani zosankhidwa ndi mlembi mwini wake, ndi Smashed mu 2019. Ito adapata mphoto ya Eisner, yomwe ndi yapamwamba ku America pa nkhani za m'zithunzi, mu 2019, mu 2021 ndi mu 2022, ndipo mu 2023 kampani ya Netflix idaonetsa makatuni ochokera m'nkhani zake.

Anzake a nthawi ya kashihon sadachite mwayi wotere. Mabuku awo ankabwerekedwa mpaka kung'ambika, ndipo sitolo ikatsekedwa ankatayidwa. Nyumba zosungira mabuku sizinkawalabadira chifukwa sankawayesa mabuku enieni. Ojambula ambiri a nthawi imeneyo adazimirira pamodzi ndi ntchito zawo. Zina zomwe zidatsala zidapulumuka chifukwa cha anthu monga Naiki Toshio, mwini sitolo yobwereketsa mabuku ku Tokyo, amene sadataye katundu wake. Mu 1978 adatsegula laibulale ya manga ndi mabuku omwe adasunga, ndipo mu 2009 adawapereka ku yunivesite ya Meiji. Mu 2006 ku Kyoto kudatsegulidwa nyumba yaikulu yosungira manga m'nyumba yomwe kale idali sukulu yapulayimale. Zomwe makolo ankatentha pabwalo la sukulu mu 1955, lero akuzisunga m'sukulu ndipo akatswiri akuzifufuza.

Wina angafunse kuti, kodi n'koyenera kulemekeza mabuku oopseza anthu? Sindikunena kuti onse ndi abwino. Ena ndi onyansa chabe, ndipo ambiri si oyenera ana aang'ono. Ine ndemwe ndidakhala pansi ndi mwana wanga kukambirana za buku lija. Koma ndikaona anthu amene adapanga mbiriyi, ndimapeza msilikali woduka mkono, khanda lothawa nkhondo, mnyamata wotaya mnzake pangozi ndi amayi okumbukira nkhanza za kusukulu. Adali ndi zinthu zolemera mumtima zomwe sakadatha kuzinena poyera, ndipo nkhani yoopsa idawapatsa njira. Mwana amene akuzunzika pakhomo, amene akuluakulu sakumumvera, adadziona yekha mwa mtsikana wa Umezu zaka zambiri anthu asadayambe kukamba za nkhanza za m'banja momasuka.

Ife amene timalemba nkhani zifupizifupi nthawi zina timadziona ochepa pamaso pa olemba mabuku aatali. Timatumiza nkhani kunyuzipepala, imatuluka Loweruka, pofika Lolemba akulungira zitumbuwa. Mbiri ya ku Japan ikutiuza kuti vuto si kufupika kwa nkhani. Mizuki, Umezu, Hino ndi Ito onse adaphunzira ntchito pa nkhani zazifupi, zolembedwa mothamanga, papepala lotchipa, zolembera anthu omwe palibe ankawawerengera. Kusiyana kwa amene tikuwakumbukira ndi amene adaiwalika nthawi zambiri kudali pa chinthu chimodzi: kodi padapezeka wotolera? Buku lija mwana wanga adakabweza kwa mwini wake. Koma sabata yomweyo ndidatsitsa katoni yomwe idakhala pamwamba pa kabati zaka zambiri, momwe muli nkhani zanga zodula m'nyuzipepala, zina zitadyedwa kale ndi njenjete, n'kuyamba kuzitaipa imodziimodzi.